Kachotsedwe ka Magazini Yokanirira M'pisito Ikalowa Motembenuka

Magazini ya pisito, kabokosi kosungiramo zipolopolo kamene kamalowa m'chigwiriro cha mfuti, inapangidwa kuti izilowa mbali imodzi yokha, chifukwa kutsogolo kwake n'kozungulira, kumbuyo n'kophwatalala, ndipo chigwiriro cha mfuticho n'chopendekeka. Komabe mlonda amene akulandira mfuti mumdima posinthana ntchito, kapena mwini sitolo ku Kapata, mu mzinda wa Chipata, amene wangotenga mfuti kumene, amatha kulowetsa magaziniyo motembenuza, n'kuimenya ndi chikhatho poganiza kuti yangolimba ndi fumbi. Kumenyako ndiko kumaikaniriritsa.

Musanachite chilichonse, chotsani chala pa kachitsulo kowombera ndipo mulozetse mfutiyo pa mulu wa mchenga kapena pa chulu, osati pa simenti kapena pa khoma la njerwa, pakuti chipolopolo chimanjanja, komanso m'makomboni monga Mchini nyumba zimayandikana kwambiri. Kenako kokani silaidi, chitsulo chapamwamba chija, mpaka kumbuyo, muikole kuti ikhale yotsegula, ndipo muyang'ane ndi maso komanso kupisa chala pakhomo pa mpope kuti mutsimikize kuti mulibe chipolopolo. Ngati silaidi ikukana kuyenda, musailimbane nayo, ndipo mfutiyo muitenge ngati yodzaza mpaka mapeto a ntchito.

Tsopano dinikizani batani lotulutsira magazini, muligwirebe chomwecho uku mukukoka magaziniyo ndi dzanja linalo, mukuigwedeza pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo. Pa pisito ya mtundu wa Makarov batanilo mulibe, m'malo mwake pali kachitsulo kokowera pansi pa chigwiriro, ndipo kameneko ndiko kokankhira kumbuyo. Dontho limodzi kapena awiri a mafuta a mfuti m'mphepete mwa magazini amathandiza.

Ikakana, ichotseni zam'kati isanatuluke, ndipo njira imeneyi ndiyo ndimaikhulupirira koposa. Pansi pa magazini zambiri pali chivindikiro chokhala ndi kabowo pakati. Lowetsani kamsomali kobuntha pa kabowopo, dinikizani, ndipo mutsetsereze chivindikirocho mbali imene zipolopolo zaloza, imene tsopano ili kumbuyo kwa mfuti chifukwa magaziniyo yatembenuka. Magazini ya pisito ya mtundu wa Glock imafuna kuti muifinye m'mbali nthawi yomweyo. Tchingani ndi chala chachikulu, chifukwa sipuling'i ya m'katimo ndi yopanikizika, makamaka m'magazini ya Glock 17 yodzaza zipolopolo 17, ndipo ikhoza kukulasani m'diso. Yalani chitenje patebulo kuti zipolopolo zigwere pofewa, muziwerenge, n'kuziika kutali ndi pamene mukugwirira ntchito.

Chatsala ndi chigoba chabe, chimene chimafinyika mosavuta. Silaidi ili chitsegukire, pisani kamtengo kuchokera pamwamba, kaya ndi kansungwi kosalala kapena mpini wa mthiko wakale, mukhazike pa mlomo wa magazini, ndipo mugogode mopepuka uku batani lija lili chidinikizire. Sikuludiraiva ndi pulayazi zisayandikire, chifukwa zimakanda m'kati mwa chigwiriro, ndipo musagogode konse ngati m'magazinimo mudakali chipolopolo ngakhale chimodzi. Pa mfuti za thupi lachitsulo monga CZ 75 kapena Browning Hi-Power, mungathe kumasula zophimba za m'mbali mwa chigwiriro kuti muone pamene yagwira. Ena amafulumira kuchotsa silaidi yonse, koma pa Glock zimenezi zimafuna kukoka kachitsulo kowombera, choncho musayese ngati simunaone ndi maso anu kuti mumpope mulibe kanthu.

Magazini ikatuluka, yang'anitsitsani milomo yake iwiri yapamwamba imene imagwira chipolopolo. Ngati yapindika kapena yang'aluka, musaiwongole ndi dzanja, ingoisiyani n'kupeza ina, chifukwa yotere imatsekereza mfuti powombera. Onaninso ngati batani lija likubwerera bwino mukalisiya. Zonsezi zikakanika, pitani kwa katswiri wokonza mfuti mutatenga laisensi yanu, ndipo mlonda auze akulu ake a pantchito asanapereke mfutiyo kwa mnzake womulowa m'malo.