Momwe tingatetezere voti yathu pamene zinthu zathina: malangizo kwa anthu a ku Ntcheu ndi Dedza

Ambiri a ife timayamba kuganizira za voti magalimoto a zipani akayamba kuzungulira ndi zimkuzamawu pa Lizulu, pa Bembeke kapena pa Linthipe, komatu pofika nthawi imeneyo ufulu wa anthu ena umakhala utawapulumuka kale m'manja. Wina chiphaso chake cha unzika chinasowa ndipo sanakonzetse china, wina anachipereka kwa munthu amene anamulonjeza ngongole, ndipo wina anaopa kupita kukalembetsa chifukwa m'mudzi mwake munali mikangano ya zipani. Chisankho chachikulu chotsatira chidzachitika mu Sepitembala 2030, koma zisankho zachibwereza zimabwera nthawi iliyonse phungu kapena khansala akamwalira, kapenanso khothi likafafaniza zotsatira, choncho ntchito yoteteza voti iyenera kuyamba tsopano pamene kuli bata.

Chimene chimachititsa kuti nkhaniyi ikhale yolemera ndi mavuto a zachuma. Ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba. Mlimi wa mbatatesi ku Tsangano amagula feteleza pa mtengo umene wakwera kangapo, pamene wogula wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre amamuuza kuti atsitse mtengo wa thumba chifukwa mafuta a galimoto avuta. Munthu wopanikizika chotero ndi amene andale osakhulupirika amamufuna.

Yambani ndi chiphaso cha unzika. Lamulo la zisankho la 2023 linakhazikitsa kuti chiphaso chochokera ku National Registration Bureau, NRB, ndicho umboni wofunika polembetsa m'kaundula wa ovota, kutanthauza kuti kalata ya amfumu payokha sikulowetsaninso m'kaundula monga zinkachitikira kale. Tulutsani chiphaso chanu lero, muone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zinalembedwa molondola, muonenso tsiku limene chidzathe ntchito. Ngati chinasowa, kanenetseni kupolisi ndipo mupite ku ofesi ya NRB ya pa boma kuti akukonzereni china, osadikira nthawi ya kalembera pamene mizere imatalika ndipo makina amachepa. Ganizirani za ana anu: mwana amene anali ndi zaka 13 pa chisankho cha 16 Sepitembala 2025 adzakhala ndi zaka 18 mu 2030, ndipo chiphaso amayenera kulembetsa akangokwanitsa zaka 16.

Kwa ife a m'malire nkhaniyi ili ndi mbali ina. Kuchokera ku Dedza kutsika mpaka Biriwiri, msewu waukulu umayenda m'mphepete mwa malire a Mozambique, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale ku Angonia, ena amalima mbali ina n'kumagona mbali inzake. Sizachilendo kuti Mmalawi weniweni akayikiridwe unzika wake chifukwa chakuti mayi ake anabadwira tsidya lija. Amene ali m'gulu limeneli apite kukalembetsa ali ndi ziphaso za makolo awo, umboni wa anyakwawa ndi mboni zomwe zili kale ndi ziphaso, ndipo achite zimenezi chisankho chili kutali, pamene palibe chipani chimene chikufuna kumuchotsa kapena kumulowetsa mokakamiza.

Chachiwiri, chiphasocho chisachoke m'manja mwanu. Pamabwera anthu ovala bwino atanyamula kope, n'kukhala pansi pa mtengo pabwalo la amfumu kumalemba mayina ndi manambala a ziphaso, amvekere akulemba anthu odzalandira ngongole kapena feteleza. Afunseni mwaulemu kuti achokera ku ofesi iti, aonetse kalata yowaloleza, ndipo funsani alangizi a zaulimi kapena a komiti ya chitukuko ya m'mudzi ngati akudziwa za kalemberayo. Akapempha chiphaso chovotera, dziwani kuti pali chinyengo, pakuti chiphaso chimenecho ntchito yake ndi ya chisankho basi, ndipo palibe chithandizo cha boma chimene chimadalira icho. Ena amatenga manambalawa pofuna kungoopseza kuti adzadziwa amene mwamuvotera. Limeneli ndi bodza, chifukwa pepala lovotera silikhala ndi dzina lanu ndipo mumachonga muli nokha.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya mphatso za andale. Lamulo la zipani za ndale la 2018, mu gawo 41, limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kunyengerera anthu kuti avotere munthu kapena chipani, ngakhale kuti limalola zinthu zokopera anthu monga nsalu ndi malaya a chipani. Ine sindingaloze chala mayi amene walandira kandalama mu Febuluwale, ana ake atagona ndi njala ndipo chimanga cham'munda chisanakhwime. Wolakwa wamkulu ndi uja amene amadikira mwezi wa njala kuti afike ndi envelopu. Chimene ndikupempha n'chakuti mayiyo adziwe kuti palibe ngongole imene wakongola. Sanasainire pangano lililonse limene lamulo lingalizindikire, ndipo akalowa m'malo ovotera ali ndi ufulu wonse wosankha amene mtima wake wamufuna.

Zindikiraninso kusiyana kwa mphatso ndi chithandizo cha boma. Feteleza wotsika mtengo, ndalama za Mtukula Pakhomo ndi chimanga chogawidwa nthawi ya njala si mphatso za chipani. Zimachokera ku misonkho imene tonse timalipira tikagula sopo ndi mayunitsi a foni, komanso ku thandizo la mayiko ena. Munthu akakuuzani kuti dzina lanu lifafanizidwa pa mndandanda chifukwa munaoneka pa msonkhano wa chipani china, lembani tsiku, malo ndi mawu amene wanena, pezani anthu ena amene anamva, ndipo kadandauleni kwa bwanamkubwa wa boma lanu, ku ofesi ya Ombudsman kapena ku Malawi Human Rights Commission. Za ogawa ndalama pa misonkhano zimakanenedwa kwa mlembi wa zipani za ndale. Dandaulo la anthu angapo lolembedwa papepala limavuta kulinyalanyaza kusiyana ndi la munthu mmodzi lapakamwa, ndipo a NICE Trust, bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi zisankho, kapena a CCJP, bungwe la mpingo wa Katolika loona za chilungamo ndi mtendere, a m'parishi yanu angakuthandizeni kalembedwe kake.

Pa za mikangano, tiyenera kunena zoona kuti maboma athu awiriwa ali ndi mabala awo. Dedza ndi kwawo kwa malemu John Tembo ndipo kwa zaka zambiri wakhala akuwerengedwa ngati dera la Malawi Congress Party, pamene Ntcheu anaika m'manda mwana wake Saulos Chilima ku Nsipe mu Juni 2024, ndege imene anakwera itagwa ku Chikangawa, ndipo mkwiyo umene unaoneka m'misewu pa maliro aja sunaiwalike. Kukonda chipani si mlandu. Mlandu ndi kuletsa mnzako kuchititsa msonkhano, kung'amba mbendera yake kapena kulengeza kuti dera lakutilakuti ndi la chipani chimodzi, pakuti gawo 40 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa aliyense ufulu wolowa chipani ndi kuchikopera anthu, ufulu umene Amalawi anausankha pa riferendamu ya 14 Juni 1993. Amfumu akalola chipani china kugwiritsa ntchito bwalo n'kukaniza chinzake, nkhaniyo ipite ku komiti ya mgwirizano wa zipani ya pa boma isanafike poponyerana miyala. Kwa achinyamata a kabaza ndi a m'misika pempho langa n'lakuti musakwere lole imene simukudziwa kumene ikupita, chifukwa amene wakugulirani mowa ndi kukupatsani chikwanje sadzabwera kupolisi kudzakuombolani. Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti gulu lakuti likubwera kudzaotcha misika musautumize musanafunse apolisi kapena amfumu.

Tsiku lovota likafika, pitani m'mawa ndi chiphaso chanu pamalo pamene munalembetsa. Musanatero, gwiritsani ntchito masiku amene Malawi Electoral Commission imatsegula kaundula kuti anthu aone mayina awo, ndipo amene anasamuka, monga okwatiwa kudera lina kapena opita ku ganyu, apemphe kusamutsa dzina m'masiku omwewo.

Kuwerenga mavoti ndi pamene pamafunika maso. Zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 21 Meyi 2019 zinafafanizidwa ndi khothi pa 3 Febuluwale 2020, ndipo mwa zifukwa zake munali mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex ndi ena osasainidwa moyenera. Chisankho chinabwerezedwa pa 23 Juni chaka chomwecho. Umboni wa mlandu umenewo unachokera m'mapepala a m'malo ovotera ngati sukulu za kwathu kuno. Choncho chipani chilichonse chisankhe mamonitala odziwa kuwerenga ndi kuwonkhetsa, osati ongodziwa kuimba nyimbo za chipani. Monitala anyamule tochi, cholembera ndi chakudya chake kuti asachoke pamalo. Aonetsetse kuti chiwerengero cha mavoti a opikisana onse, kuphatikiza mavoti owonongeka, chikufanana ndi mapepala amene agwiritsidwa ntchito. Asasaine pepala lopanda manambala kapena lofufutidwa popanda kufotokozeredwa, atenge kope lake la zotsatira, ndipo ngati pali chimene sakugwirizana nacho alembe dandaulo pomwepo n'kulipereka kwa woyang'anira malowo. Kope limenelo alisunge pouma ndi kulipereka msanga kwa amene akumuimira, chifukwa wofuna kutsutsa zotsatira kukhothi lalikulu amapatsidwa masiku 7 okha kuchokera tsiku limene zalengezedwa.