Yesani ganizo lanu pang'ono musanathiremo ndalama zonse

Maganizo ambiri abwino a bizinesi muno mu Lusaka amathera pakamwa, ndipo ena amafa mwezi wachiwiri chifukwa mwiniwake sanawerengere. Titenge chitsanzo cha kuweta nkhuku za nyama, bizinesi imene ambiri ku Chawama, Matero ndi Mtendere amailakalaka.

Musanamange khola, pezani ogula. Pitani ku Soweto Market mukamve mtengo wa nkhuku yamoyo, kenako lankhulani ndi amayi ophika nsima pamsika wa kwanu ndiponso anansi. Lembani mayina a anthu khumi amene avomera kudzagula.

Poyesa, anapiye 50 akwana. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 4 kufikira sabata lachisanu ndi chimodzi, ndiye kuti mufunika matumba anayi a makilogalamu 50, kuyambira chakudya cha anapiye mpaka chonenepetsa. Apa ndiye ambiri amapunthwa. Amatsanulira ndalama zonse pa anapiye, chakudya n'kutha sabata lachinayi, nthawi imene nkhuku zimadya kwambiri. Akatero amathamangira kaloba, ndipo phindu lonse limathera kwa wobwereketsa. Ndalama ya chakudya chonse, katemera wa matenda a chitopa ndi Gumboro, utuchi ndi makala ikhale m'manja anapiye asanafike. Ngati siyikukwana, dikirani ulendo wanu wa chilimba kapena chepetsani anapiye.

Masabata awiri oyamba musawatalikire. Anapiye amafuna kutenthedwa, koma magetsi akhoza kuzima usiku, ndipo muopenso chisanu cha June ndi July, choncho mbaula ikhale pafupi, koma siyani mpata wolowera mpweya chifukwa utsi wa makala umapha. Anapiye akaunjikana pamodzi n'kumalira, akumva kuzizira. Akathawira m'mbali atayasama, kwatentha.

Tsiku logulitsa likafika, musazengereze. Nkhuku ikapitirira masabata 6 imangodya phindu lanu. Ngongole za "ndidzalipira pakutha kwa mwezi" zichepe ndithu, ngakhale kwa achibale, ndipo ndalama ya bizinesi isungidwe payokha, mwina pa nambala yapadera ya Airtel Money kapena MTN, kuti isasakanikirane ndi ya ndiwo.

Mukagulitsa maulendo awiri kapena atatu kabuku kanu kolembamo ndalama kakuonetsa phindu, onjezerani nkhuku zifike 100. Pamenepo kalembetseni dzina la bizinesi ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa mabizinesi, ndi kutenga TPIN, nambala ya wokhoma msonkho, ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, chifukwa mashopu akuluakulu ndi mabanki amafunsa mapepala amenewa.