Momwe mungakonzekerere maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA

Achinyamata ambiri amayamba kuganiza za ntchito zamanja pokhapokha dzina lawo likasowa pa mndandanda wa opita ku yunivesite. Amadzaza fomu mothamanga, n'kusankha luso lomwe sanaligwirepo. Kukonzekera kwenikweni kumayamba bungwe la TEVETA, lomwe limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'Malawi, lisanalengeze n'komwe kuti likulemba ophunzira.

Choyamba, pezani mmisiri wa m'dera lanu, kaya ndi wowotcherera, kalipentala, makaniko kapena telala, mumupemphe kuti muzimuthandiza kwa miyezi ingapo. Poyamba mudzangosesa, kunyamula matabwa ndi kupatsira zipangizo, koma musaderere zimenezi. Apa m'pamene mudzadziwe ngati msana wanu ungapirire kuwerama pa injini tsiku lonse, kapena ngati mungawerenge mamilimita pa tepi osalakwitsa. Kalipentala akadula thabwa molakwika ndi mamilimita 5 okha, chitseko sichitsekeka, ndipo kasitomala sabweranso. Ine ndimaona kuti miyezi imeneyi ndi yofunika kuposa china chilichonse.

Kenako konzani mapepala: chiphaso cha unzika ndi satifiketi ya MSCE, pamodzi ndi makope ake. Maphunziro a m'makoleji akuluakulu amafuna MSCE, ndipo Chingerezi, masamu ndi sayansi amaziyang'anitsitsa. Ngati masamu sanayende bwino, ndi bwino kulembanso mayeso.

Muzitsatira zilengezo za TEVETA m'nyuzipepala ndi pa tsamba lawo la Facebook. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999, ndipo limatumiza ophunzira ku makoleji monga Lilongwe, Soche, Nasawa, Salima, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuyambira 2015 boma linatsegulanso makoleji a m'madera m'maboma osiyanasiyana, choncho funsani kaye za koleji yomwe ili pafupi ndi kwanu. Munthu akakuuzani kuti mumutumizire ndalama pa foni kuti akupezereni malo, ameneyo ndi wakuba. Atsikana nanunso lembani zamagetsi, zomanga ndi zowotcherera, musangothamangira kusoka chifukwa choti anthu anatero.

Mukatengedwa, mudzaphunzira m'kalasi kwa nthawi ina, kenako mudzapita kukampani kapena kugaraja kukaphunzira ntchito mukuigwira. Kumeneko abwana amayang'ana zinthu zooneka zazing'ono: ngati mumafika nthawi yake, ngati mumavala ovolosi ndi nsapato zodzitetezera osauzidwa, ngati sipanala yomwe munabwereka mwaibweza pamalo pake. Ambiri amene amalembedwa ntchito akamaliza maphunziro amakhala kuti anadziwika pa nthawi imeneyi. Muzijambula ntchito iliyonse yomwe mwagwira, kaya ndi geti, bedi kapena khoma, ndipo pochoka mupemphe kalata ya umboni.

Nanga amene munaphunzira kale kwa mmisiri koma mulibe pepala? Pitani ku ofesi ya TEVETA mukafunse za ndondomeko yoyesa luso lomwe munthu ali nalo kale, kuti nanunso mukhale ndi satifiketi yoonetsa pofunsira ntchito.