Sonkhamsonkha wa m'bale wovulala bongo kuno ku Joni: konzekerani chaka chathunthu

Amalawi a kuno ku Joni timadziwa kusonkherana pa maliro. Uthenga ukangolowa pa gulu la WhatsApp, ndalama zonyamulira thupi kupita kumudzi zimapezeka sabata isanathe. Koma m'bale akagundidwa ndi galimoto, akagwa pa chikwerero ku ntchito yomanga, kapena akamenyedwa m'mutu ndi achifwamba, njira ya pa maliro ija imatipusitsa. Timasonkha kamodzi mwamphamvu iye ali chikomokere ku chipatala cha Charlotte Maxeke kapena cha Chris Hani Baragwanath, ndalama n'kuthera thiransipoti ndi chakudya cha ozonda odwala. Tsiku lomwe akutuluka m'chipatala, pamene ndalama zikuyamba kufunika kwenikweni, thumba limakhala litauma gwa ndipo anthu atopa.

Bongo suchira ngati fupa. Madotolo amayeza kukula kwa vuto pa sikelo yotchedwa Glasgow Coma Scale, yoyambira pa 3 kulekeza pa 15, ndipo 8 kutsika m'munsi ndiye kuti munthu wavulala kwambiri. Funsani nambala imeneyi, chifukwa ikuthandizani kudziwa kutalika kwa ulendo. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 6 yoyamba, koma kuchira kumapitirira mpaka zaka ziwiri ngakhale kuposera apo. Munthu akhoza kuyenda bwinobwino koma akuiwala zomwe mwamuuza m'mawa, akupsa mtima pa zazing'ono, akulephera kuwerenga chenji. Ena amayamba kugwa khunyu. Wotereyu sangabwerere msanga ku ntchito, ndipo amene akumudwazika nayenso ntchito yake imaima. Choncho pakhomo pamasowa malipiro a anthu awiri, lendi ikudikira.

Poyamba sankhani anthu atatu: wapampando, mlembi ndi msungichuma. Msungichuma asakhale mkazi, mwamuna kapena mwana wa wodwalayo. Sikuti ndi osakhulupirika ayi, koma ali kale ndi katundu wolemera, ndipo mawa anthu akayamba kunong'ona za ndalama, mawuwo asagwere munthu amene wagona pa benchi ya chipatala. Mabanki angapo a kuno ali ndi akaunti za magulu osonkherana ndalama otchedwa stokvel zomwe zimafuna anthu awiri kapena atatu kusaina potapa ndalama. Ngati mapepala a ena sali bwino, sankhani omwe angathe kutsegula akauntiyo, koma aliyense wosonkha aziona zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka. Mlembi azijambula lisiti lililonse n'kuliika pa gulu kumapeto kwa mwezi. Sonkhamsonkha wambiri amafera pa kukayikirana, ndalama zikadalipo.

Kenako khalani pansi ndi wodwazika mulembe zofunika pa mwezi: lendi, magetsi, chakudya, matewera a akuluakulu ngati akufunika, mankhwala omwe asowa ku chipatala, ndi thiransipoti yopita ku mafizo. Thiransipotiyi musaichepetse. Munthu amene akuchita chizungulire kapena ali pa njinga ya olumala sangalimbane ndi mataxi a ku Bree kapena ku Noord, amafunika galimoto yahayala, iye ndi womuperekeza. Mukaphatikiza zonse, pemphani anthu kuti alonjeze ndalama ya mwezi ndi mwezi monga timachitira pa chipereganyu. Anthu 40 akamapereka R100 aliyense, ndi R4,000 mwezi uliwonse, ndipo imeneyi imasunga banja kuposa R20,000 yobwera tsiku limodzi. Amene amadalira maganyu apatsidwe mpata wopereka nthawi yawo: kukhala ndi wodwala Loweruka kuti wodwazika apume, kuphika, kuchapa. Zilembedwe m'buku lomwelo, chifukwa nazonso ndi chopereka.

Pa ndalama zoyamba zija, zomwe zimabwera anthu akadali ndi chisoni, sungani theka padera. Ndikunena izi motsindika chifukwa mwezi wachinayi ukamafika, mafoni amachepa.

Chinanso chomwe ambiri timachiphonya n'chakuti si ndalama zonse zoyenera kuchokera m'matumba mwathu. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Bilu ikabwera, pitani kwa social worker (woona za chisamaliro cha anthu) wa pachipatalapo ndi ku ofesi ya zolipira, mupemphe kuti ilembedwe bwino ndipo muzilipira pang'onopang'ono. Musakatenge katapila chifukwa cha mantha.

Ngati ngoziyo inali ya pamsewu, pali Road Accident Fund, thumba la boma lopepesa ovulala pa ngozi za pamsewu. Pempho la chipepeso liyenera kuperekedwa zaka 3 zisanathe ngati galimoto kapena dalaivala akudziwika, ndi zaka 2 ngati anathawa osadziwika. Sungani nambala ya lipoti la apolisi, manambala a mboni, ndi makalata onse a kuchipatala. Mu 2024 khoti lalikulu la ku Pretoria linakana malamulo omwe ankafuna kutsekera kunja alendo opanda mapepala, choncho musadzichotse nokha musanafunse loya. Loya amene mwagwirizana kuti adzalandira malipiro ake mlandu ukapambana saloledwa kutenga zoposa 25 peresenti ya chipepeso, ndipo musasaine pepala lililonse lobwera ndi anthu ozungulira m'mawodi musanawerengeredwe. Ngati anavulalira ku ntchito, bwana ayenera kukanena ku Compensation Fund, thumba la boma lopepesa ovulalira ku ntchito, masiku 7 asanathe. Kuchokera pa chigamulo cha Constitutional Court, khoti lalikulu koposa m'dziko muno, cha mu 2020, antchito a m'nyumba nawonso ali m'gulu lolandira chipepesochi. Zonsezi zimachedwa, nthawi zina zaka, n'chifukwa chake sonkhamsonkha asaime podikira.

Fikaninso ku Headway Gauteng ku Hyde Park, bungwe lomwe ntchito yake ndi kuthandiza ovulala bongo pamodzi ndi mabanja awo. Kucheza ndi anthu omwe adadutsamo kumathandiza wodwazika kumvetsa kuti ukali wa wodwalayo ndi matenda, si mwano kapena kulodzedwa.

Mukafuna kupempha kunja kwa gulu lanu, kaya ku mpingo, ku mzikiti, pa Facebook kapena pa tsamba la pa intaneti lopemphera thandizo la BackaBuddy, tetezani ulemu wa m'bale wanu. Chithunzi chake ali ndi mapaipi m'kamwa chisayende m'mafoni. Iye sangavomere kapena kukana pa nthawiyo, koma adzachiona akadzatsitsimuka. Gwiritsani ntchito chithunzi cha masiku omwe anali bwino, banja litavomereza, ndipo mutchule nambala ya akaunti imodzi yokha kuti akamberembere asalowererepo. Akumudzi ofuna kuthandiza asonkhe kwa munthu mmodzi kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ndalamazo zikhoza kungosamalira ana a wodwalayo komweko m'malo mozitumiza kuno.

Nkhani yovuta kwambiri imabwera amalume kapena mwinimbumba akaimba foni kuti mubwere naye kumudzi. Pempho limeneli ndi la chikondi, ndipo nthawi zina ndi loyenera, poti kumudzi kuli manja ambiri ndipo kulibe lendi. Koma ulendo wa basi wodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza ndi wa masiku awiri, ndipo dotolo yekha ndiye anganene ngati wodwala angaupirire. Asananyamuke, loya adziwe, chifukwa mlandu wa chipepeso umafuna kuti madotolo a kuno amupimenso. Atenge kalata yofotokoza matenda ake, zithunzi za sikani ndi mankhwala okwanira miyezi ingapo, ndipo mudziwiretu komwe azikachitira mafizo, kaya ku Queen Elizabeth ndi ku Kachere ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Akafika kumudzi, komiti isathe. Ndalama ya mwezi ija izipitabe, kwa munthu mmodzi wodziwika, ndipo malisiti azibwerabe pa gulu.