Momwe loya angagawire nthawi pakati pa khothi, banja ndi mpingo

Maloya ambiri amalola kuti aliyense awaikire nthawi: jaji, kasitomala, ngakhale msuweni amene walandidwa munda. Pomafika Lamlungu atheratu, ana akuwaonera pa chithunzi. Nazi njira zobwezera chiwongolero m'manja mwanu.

Choyamba, khalani ndi dayale imodzi yokha. Lachisanu masana khalani pansi ndi kalaliki wanu, mulembe masiku a kukhothi ndi masiku omalizira kupereka zikalata. M'dayale yomweyo lembani msonkhano wa makolo kusukulu, chinkhoswe cha mlamu ndi mapemphero a kumlaga kapena kumphakati. Chosalembedwa ndicho chimayamba kuphwanyidwa. Ngati muli ndi mlandu ku Chichiri, wina ku Lilongwe m'sabata yomweyo, tsiku la pamsewu wa M1 liwerengeni ngati lantchito, osati kunyamuka Lamlungu ulaliki uli mkati.

Chachiwiri, gwirani zolemba zolemera m'mawa foni isanayambe kulira. Ndipo popita kukhothi nyamulani fayilo ina yowerenga, poti aliyense akudziwa kutalika kwa nthawi imene munthu amakhala pa benchi la pakhonde, mapeto ake n'kumva kuti mlandu wasunthidwa.

Chachitatu ndi foni ya usiku, ndipo apa m'pamene mabanja ambiri amapwetekera. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khothi likugwira ntchito ngati maolawo athera kumapeto kwa sabata. Munthu ali m'chitokosi, ameneyo muyankheni ngakhale nsima ili m'manja. Koma wofunsa za malire a puloti kapena chuma cha masiye angadikire mawa. Auzeni makasitomala zimenezi tsiku loyamba lomwe, ndipo gwirizanani ndi loya mnzanu kuti muzisinthana kudikirira za belo Loweruka ndi Lamlungu. Kunyumba, nenani nthawi yomwe mufike ndipo muisunge. Nkhani za kasitomala zisiyeni ku ofesi, ndi chinsinsi chake.

Chachinayi, musakokere mlandu dala. Malamulo a milandu ya civil (mikangano ya pakati pa anthu, osati yaupandu) ku High Court a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa pa kukambirana isanazengedwe. Mkhristu asaone zimenezi ngati kutaya ndalama, pakuti Mateyu 5:25 imalimbikitsa kugwirizana msanga ndi mnzako wa mlandu. Fayilo yotsekedwa m'miyezi itatu imakupatsaninso madzulo anu.

Ndalama za kasitomala zikhale mu akaunti yakeyake. Musabwerekeko, kaya ndi fizi ya mwana, kaya ndi pepa sande yomwe mwaitanidwa ngati mlendo wolemekezeka. Kunena zoona, chikhristu cha loya chimaonekera pamenepa kuposa pa guwa.

Pomaliza, ntchito yaulere ikonzeni nokha. Bungwe la maloya la Malawi Law Society limafuna kuti loya agwireko ntchito yothandiza osowa asanakonzetsenso chiphaso chake cha chaka. Sankhani milanduyo kumayambiriro kwa chaka, muziigwira ndi mtima wonse ngati yolipidwa. Akhristu anzanu akakuzingani pakhomo la tchalitchi ndi maenvulopu a zikalata, apatseni tsiku loti abwere ku ofesi. Amene simungathe kuwathandiza alozereni ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa pa milandu.