Kuyeza kugunda kwa mtima wa osewera popanda makina

Aphunzitsi a zamasewera ku Dedza afunsa momwe angadziwire ngati akuwathamangitsa anyamata mopyola muyeso. Aphunzitsi, wotchi ndi zala ziwiri n'zokwanira.

Poyamba wosewera akhale pansi mphindi 5. Aike chala cholozera ndi chapakati pamkono, mmunsi mwa chala chachikulu. Chachikulucho asayezere, nachonso chimagunda. Awerenge kugunda kwa masekondi 15, achulukitse ndi 4. Munthu wamkulu akamapuma amapeza pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, koma ozolowera kuthamanga amatha kutsikirapo.

Kenako chotsani zaka zake pa 220. Wa zaka 20 apeza 200, ndiwo malire ake ongoyerekeza. Akathamanga kuchoka pa boma kulowera kuphiri la Dedza, ayezenso pomwepo asanapume. Kwa wa zaka 20 uja, kuyambira 100 mpaka 140 ndi mlingo wapakati. 140 mpaka 170 ndiye walimbikira ndithu. Kupitirira apo achepetse liwiro.

Mu June ndi July, mmene kumazizirira kuno, ine sindingalole mwana kuthamanga asanatenthetse thupi mphindi 10. Wina akamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, asiye nthawi yomweyo, mupite naye kuchipatala.