Momwe mungathirire konkire yodziyendera yokha popanda vayibuleta

Ngati mukumanga zipilala kapena ringi bimu yokhala ndi zitsulo zothinana, konkire wamba imasiya mibowo ngakhale muigwedeze chotani ndi vayibuleta, makina ogwedezera konkire. Apa mpamene pamafunika konkire yodziyendera yokha, imene mainjiniya amati self-compacting concrete. Inayambira ku Japan mu 1988, ndipo imalowa yokha pakati pa zitsulo chifukwa cha kulemera kwake.

Yambani ndi zipangizo. Miyala ya kwale ikhale yaing'ono, yosapyola mamilimita 20, koma ya 10 mpaka 14 ndiye imayenda bwino. Mchenga ndi simenti zichuluke kuposa mu konkire wamba, ndipo mchengawo ukhale wosefa, wopanda dothi. Kenako pamafunika mankhwala otchedwa superplasticiser, omwe amafewetsa konkire popanda kuwonjezera madzi. Ngokwera mtengo ndithu, ndipo ine ndinachita kuitanitsa ku Lilongwe. Mukaona wina akugulitsa m'mabotolo opanda chizindikiro pamtengo wotsika, msiyeni, ena amasungunula ndi madzi.

Sakanizani mu mikisa, osati ndi fosholo. Madzi asapyole malita 20 pa thumba la makilogalamu 50, ndipo muchepetseko ngati mchenga wanyowa, zomwe kuno ku Mzuzu nzachizolowezi. Mankhwala thirani kumapeto, potsatira muyezo wolembedwa pa chigubu.

Tsopano matabwa a chikombole chothiramo konkire, ndipo apa mumvetsetse. Konkire imeneyi imakankha matabwa ngati madzi, ndipo mphamvu yake imakula kwambiri chakumunsi kwa chipilala. Pa nyumba ina ku Luwinga, matabwa tinakhoma monga timachitira masiku onse, misomali ndi waya basi. Konkire itafika pakati, thabwa lapansi linaphotchoka, yonse n'kukhuthukira pansi, simenti ndi mankhwala odula aja n'kupita pachabe. Choncho mangani matabwa ndi mabawuti kapena zomangira zachitsulo, zithinane kwambiri chakumunsi, muchirikize ndi milimoti mbali zonse. Mpata uliwonse, ngakhale wongolowa msomali, mutseke, apo ayi madzi a simenti atulukira pomwepo n'kusiya miyala yokhayokha.

Musanathire, yesani kaye: dzazani koni yoyezera kufewa kwa konkire (chitini chonga fanulo, choboola uku ndi uku) pa thabwa losalala, muikweze. Konkire iyalike mozungulira, m'mimba mwake mukhale masentimita 65 mpaka 75. Miyala ikaunjikana pakati madzi n'kuthawira m'mbali, ndiye kuti madzi achuluka, musaithire.

Thirani kuchokera mbali imodzi, osaigwetsa kuchokera patali, osaigwedeza. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi musathamangire kuchotsa matabwa. Mukachotsa, muziithirira madzi kwa masiku osachepera 7.